Mmene tinafikitsira zakudya zamakolo ku chiwonetsero

Amene mukufuna kudzaonetsa zakudya zamakolo mu Okutobala, ntchito iyambe mu Malichi, nkhwani ndi chitambe zikadali mbwee m'munda. Kalabu yathu kuno ku Bembeke tinatero, ndipo ndikufotokoza kuti anzathu a ku Linthipe, Lobi ndi Tsangano mudziwiretu njira.

Ndinayamba ndi alangizi a zaulimi a dera lathu. Anandiuza kuti chiwonetsero chidzachitika pafupi ndi pa 16 Okutobala, Tsiku la Chakudya pa Dziko Lonse, ndipo tilembetse ngati gulu. Anafunsa zinthu ziwiri: mudzaphika chiyani, nanga mbewu mudzabweretsa ziti? Kuchoka apo tinakadziwitsa amfumu, kenako tinagwirizana zosonkha za mchere, nkhuni ndi ngolo. Zimenezi sizinavute.

Pamene pali ntchito ndi pa mfutso. Kuno ku Dedza nkhungu imatha kukuta phiri mpaka dzuwa kufika pamutu, ndiye masamba oyanika tsiku lotero amada n'kuchita nguwi. Tinkathyola m'mawa mokhamo mwa tsiku limene kumwamba kwayera. Masamba anthete timawasadzula, kuwaviika m'madzi owira a mchere pang'ono kanthawi kochepa, n'kuwayala mopyapyala pamphasa yoika pathandala, kutali ndi nkhuku ndi fumbi. Wauma bwino ndi umene ukuthetheka ukaufinya m'manja. Agogo ena a m'kalabu mwathu anakana zoti tisunge m'majumbo. "Ana inu, mfutso umafuna kupuma," anatero, n'kutiphunzitsa kumanga zikwatu ndi masamba a msuku ndi luzi, zomwe tinapachika kukhitchini. Ine ndimagwirizana nawo kwathunthu, chifukwa pofika Okutobala fungo lake linali likadali la ndiwo.

Mbewu tinasankha pokolola: nzama, khobwe, mawere, mapira, nthanga za maungu ndi chimanga chamakolo cha maso olimba. Za mtundu wa nyemba tinazisakaniza ndi phulusa losefa n'kuzitsekera m'mitsuko kuti anankafumbwe asalowe.

Sabata yachiwonetsero isanafike tinali titakonza kale chimera. Mawere timawanyika, kuwafundika mpaka atamera, kuwayanika, ndiye n'kukagayitsa. Kutatsala tsiku limodzi kuti chiwonetsero chichitike tinaphika phala la mgaiwa, litazizirako tinathira chimera, n'kulisiya ligone. M'bandakucha tinaliwiritsanso. Thobwa lotere silifuna shuga wambiri, limatsekemera lokha. Kalongonda yekha ndikuchenjezeni: amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi amaledzeretsa ndi kudwalitsa. Tinamupereka kwa mayi amene anakula akumuphika, osati wina aliyense.

Tsikulo tinafika anthu asanachuluke kuti tipeze malo a mthunzi. Alangizi a zaumoyo anadutsa kuona ngati miphika ili yovundikira komanso ngati pali ndowa yosambira m'manja ndi sopo. Konzeranitu zimenezi kunyumba, pabwalo simudzazipeza. Mbewu tinaziika m'malichero ang'onoang'ono kutsogolo, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake, ndipo zophika tinaziika kumbuyo: mfutso wotendera, futali, nzama zowiritsa, chigumu ndi nsima ya mgaiwa. Mbatata ya kachewere tinaibweretsa ndithu, poti ndiyo imatidyetsa ndipo pa Lizulu imayenda malonda, koma matebulo ambiri anali nayo, choncho anthu sanaimirire pamenepo.

Anaima pa nzama ndi mawere. Bambo wina wachikulire anatapa nzama m'dzanja, n'kuziyang'anitsitsa.

"Mayi, zimenezi mwazipeza kuti? Kwathu zinatha kalekale."

"N'zakumunda kwathu, bambo. Tapani, mukadzale."

Anabwerera ku njinga yawo n'kutibweretsera nyemba zamawangamawanga zomwe ifenso tinalibe. Kusinthana kotereku kunachitika mpaka madzulo, ndipo kwa ine n'kumene kunali phindu la tsikulo, kuposa ndalama za thobwa. Nzama zimapirira mvula ikadula, ndipo monga khobwe zimabwezera chonde m'nthaka, zinthu zofunika pamene feteleza wakwera mtengo chonchi.

Choncho mbewu muzimange m'timapaketi tambiri musananyamuke, ndipo muike padera yanu yodzala, chifukwa opempha amachuluka. Ife tagwirizana kale kuti mvula ikagwa, aliyense m'kalabu awonjezere mizere ya nzama ndi mawere.