Masabata atatu opanda pabalaza

Mmisiri anati ntchito yonse yokonza pabalaza pathu ndi ya masiku asanu. Lero takwanitsa masabata atatu, ndipo sofa yathu idakali m'chipinda cha ana, miyendo italoza kudenga.

Nyumba yathu kuno ku Area 25 ndi yakalekale. Simenti ya pabalaza inali itang'aluka, siling'i nayo ili madonthomadontho chifukwa cha mvula ya chaka chatha. Ndiye tinagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti tiike matailosi, tisinthe siling'i, tipake penti. Mwezi wa August tinausankha dala, poti mvula kuno imayamba cha mu November, katundu akhoza kukhala panja osanyowa. Zoti tisamuke kaye sitinaziganizire n'komwe. Ya lendi tikanaitenga kuti, ndalama zonse zitathera m'mahadiweya a ku Malangalanga?

Chimene chinatizunza ndi fumbi. Tsiku loyamba kugumula pansi, madzulo ake tinadya nsima yokukutika m'mano. Fumbi la simenti si la pamsewu ayi, ndi losalala ngati ufa woyera, ndipo limalowa mpaka m'kabati yotseka bwinobwino. Ndinalipeza mu shuga, pa yunifolomu za ana, ngakhale m'kati mwa Baibulo. Kutacha ndinagula pepala lakuda lija amayala asanafolere udzu, n'kulikhomera pakhomo lolowera kuzipinda, pansi pake n'kuyalapo chitenje chonyowa. Tonse tinayamba kulowera khomo la kukhitchini. Makina odulira matailosi ndinawauza amisiri kuti azikalizira kuseri kwa nyumba. Anang'ung'udza pang'ono, amvekere: "Mayi, tizingoyendayenda ndiye?" Ine ndinati ee, muziyenda, wamng'ono wangayu ali ndi mphumu. N'chifukwa chakenso penti tinagula ya madzi, yomwe imauma msanga ndipo fungo lake silikhalitsa ngati ya mafuta.

Koma fumbi n'lochepa. Nkhani yaikulu ndi alendo. Kwathu kuno mlendo sachita kuimba foni, umangomva odi pageti. Sabata yachiwiri kunatulukira apongozi anga kuchokera ku Mitundu, atanyamula nkhuku ndi thumba la mtedza. Ndinagwidwa manyazi, pokhala panalibe. Ndinayamba kupepesa, iwo anangoseka, amvekere: "Mwana wanga, kodi mkeka mulibe?" Tinayala pansi pa mtengo wa mango, umene pano uli maluwa okhaokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo pabalaza pathu ndi pomwepo. Anzanga a kumpingo atabwera anakhala pa mabenchi a matabwa amene amisiri anatikhomera ndi zotsala za siling'i. Madzulo kukazizira timakoka mbaula n'kuwotha tili pakhonde. M'nyumba yotseka mbaula sindilowetsa, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Nkhuku ya apongozi ija ndiyo inatichita chipongwe. Amisiri atangomaliza kusalaza simenti yatsopano, anatilangiza kuti pasapondedwe, tizingowaza madzi kuti isang'aluke. Ana ndinawaopseza mokwanira, koma nkhuku sindinaikumbukire. Inadula chingwe n'kuyenda kuchokera pakhomo mpaka pawindo, n'kubwereranso. Mapazi ake ali pansi pa matailosi athu mpaka lero. Yokhayo tinaidya Lamlungu.

Chimodzi chomwe ndinachita bwino n'chakuti sindinapereke ndalama zonse poyamba. Tinapangana ndi amisiri zolipira katatu: akagumula, akaika matailosi, ndiponso akamaliza penti. Sabata yatha anasowa masiku atatu, foni osayankha, kenaka tinamva kuti anapeza kaganyu kena ku Area 49. Chinawabweza ndi gawo lotsalalo.

Pano kwatsala penti yachiwiri ndi kubwezeretsa makatani. Dzulo ndinawafunsa kuti amaliza liti. Anayang'ana khoma, n'kuyang'ana ine, amvekere: "Mawa, mayi." Mkeka uja sindinaupinde.