Tepi iyambire pati? Kayezedwe ka zikwangwani m'malamulo a matauni

Sabata ino m'kalasi la mapulani a mizinda takhala tikuwerenga malamulo a zikwangwani a matauni a ku America. Kumeneko khonsolo iliyonse imalemba akeake, ndipo nthawi zambiri amakhala mkati mwa malamulo ogawa malo, aja onena kuti kuno ndi kwa nyumba zogona, uko ndi kwa mashopu. Lamulo likati chikwangwani chisapose masikweya fiti 32, nambalayo imakhala isananene kanthu mpaka utapeza ndime ya kayezedwe. Mkangano wonse wa mwini shopu ndi wa khonsolo umagona pa ndime imeneyo.

Bolodi wamba savuta: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, basi. Mutu umaima pa zilembo zokhoma chimodzichimodzi pakhoma, zopanda bolodi kumbuyo. Matauni ena amati jambulani bokosi limodzi la ngodya zinayi, laling'onong'ono lomwe lingazinge mawu onse pamodzi ndi chizindikiro cha shopu. Ena amalola kuzinga ndi mizere yowongoka yosaposa isanu ndi itatu. Ndinayesa kuwerengera. Tinene dzina la shopu latambalala mafiti 8, zilembo zake n'zotalika mafiti 2, ndipo pambali pali chizindikiro cha mafiti 2 mulifupi, mafiti 4 kukwera. Bokosi limodzi likupatsa 10 kuchulukitsa ndi 4, ndiye 40. Ukatsata mizere mokhotakhota ukupeza 16 kuphatikiza 8, ndiye 24. Chikwangwani chomwechi, tauni ina chadutsa, tauni ina chagwa, chifukwa kwinaku khoma lopanda kanthu la pamwamba pa zilembo nalonso lawerengedwa. Ine ndaikonda njira ya mizere, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chomwe woyendera wa khonsolo angakondere bokosi: atakwera pa makwerero, tepi ili m'manja, safuna masamu ambiri.

Chikwangwani cha nkhope ziwiri zotembenukirana msana, ambiri amawerenga nkhope imodzi, poti munthu sangaone zonse nthawi imodzi. Zikatseguka ngati chilembo V, pali ngodya yomwe ikapitirira amayamba kuwerenga zonse ziwiri, ndipo ngodyayo imasiyana tauni ndi tauni.

Msinkhu ndiye wandiseketsa. Kumwamba palibe vuto, tepi imakathera pansonga penipeni. Koma pansi? Ukangolemba kuti "kuyambira pa nthaka", wamalonda wochenjera aunjika dothi ngati chulu, adzalapo kapinga, chikwangwani n'kuchiimika pamwamba. N'chifukwa chake malamulo ambiri amati kuyeza kuyambire pa nthaka monga inalili asanaunjikepo kanthu, ena amati kuyambire pakati pa msewu wapafupi. Njira yachiwiriyi imamuchitira chilungamo yemwe puloti yake ili m'munsi mwa msewu, amene akanati ayezedwe kuchokera pa nthaka yake, oyendetsa galimoto akanangoona nsonga yokha.

Kenaka tinafika pa mlandu wa Reed ndi tauni ya Gilbert, ku Arizona. Tauniyo inkapereka kukula kosiyana potengera zolembedwa: chonena maganizo a munthu chinkafika masikweya fiti 20, cha ndale 32, pomwe cholozera anthu ku msonkhano wa kanthawi chinkathera pa 6. Cha msonkhanochi chinkaloledwa kuimikidwa patatsala maola 12 kuti msonkhano uyambe, ndipo chizulidwe pasanathe ola limodzi utatha. Mpingo wa abusa Clyde Reed, Good News Community Church, unalibe tchalitchi chakechake, unkapemphera m'malo obwereka ngati m'masukulu, choncho zikwangwani zija ndizo zinkauza anthu kopita. Tangoganizani, mapemphero a 9 koloko m'mawa ndiye kuti chikwangwani chiime 9 koloko usiku, anthu atalowa m'nyumba. Mu 2015 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo likuphwanya ufulu wa kulankhula, ndipo chigamulo chachikulu analemba ndi woweruza Clarence Thomas. Mfundo yake inali yoti lamulolo linkasiyanitsa zikwangwani potengera uthenga wake.

Zitatero makhonsolo ambiri analemba malamulo awo mwatsopano, kutsamira pa kukula, msinkhu, malo ndi kuwala kwa magetsi. Koma mu 2022, pa mlandu wa mzinda wa Austin, khoti lomwelo linati kusiyanitsa chikwangwani chotsatsa za pamalo pomwepo ndi chotsatsa za kwina sikuwerengedwa ngati kusankha uthenga, ngakhale woyendera ayenera kuchiwerenga kaye kuti adziwe gulu lake. A Thomas sanagwirizane nazo. M'kalasi tagawanika pa nkhaniyi, ndipo ine ndili mbali ya chigamulo cha Austin: funso loti shopu yotsatsidwayo ili pompano kapena kutali ndi funso la malo, ndipo kugawa malo ndiyo ntchito yomwe khonsolo inapatsidwa.