Chifukwa Chimene Ndasamukira ku Vivaldi

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito Vivaldi pa kompyuta yanga kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo sindikuganizanso zobwerera ku Chrome. Browser imeneyi, kutanthauza pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, inatuluka m'chaka cha 2016, ndipo anaiyambitsa ndi Jon von Tetzchner, yemwe kale anali mmodzi mwa anthu amene anayambitsa browser ina yotchedwa Opera. Mkati mwake Vivaldi imayendera Chromium, pulogalamu yomweyo imene Chrome imayenderanso, choncho masamba amatseguka monga mwa nthawi zonse, koma kakonzedwe kake n'kachilendo ndithu.

Chimene chandikopa kwambiri ndi kasungidwe ka matabu, timitu tosonyeza masamba amene mwatsegula. Ndine mlembi wa bungwe lathu la zamaliro la anthu ochokera ku Malawi, ndipo pakagwa zovuta ndimatsegula masamba ambirimbiri nthawi imodzi, ena a mitengo ya mabasi odzera ku Nyamapanda ndi Tete kupita ku Blantyre, ena a makalata ofunika pamalire. Vivaldi imandilola kuunjika matabu a nkhani imodzi pamalo amodzi, komanso kugawa sikirini pawiri kuti ndiyerekeze masamba awiri popanda kudumphadumpha. Mzere wa matabuwo ndinausamutsira kumanzere, ndipo m'mphepete momwemo muli malo olembamo manotsi, kumene ndimasungako zimene tagwirizana pamsonkhano.

Ili ndi chotsekera zotsatsa malonda, chinthu chofunika kwa ife amene timagula data ndi ndalama zovuta kupeza.

Chovuta chake n'chakuti zosankha zake n'zochuluka kwambiri, moti amalume anga atayiyesa anaisiya tsiku lomwelo, ndipo ndawalonjeza kukawakonzera ndekha Loweruka likudzali.