Wofika koyamba pangozi ndi wakabaza

Sabata ino m'kalasi takhala tikuwerenga kafukufuku wa chithandizo chimene wovulala amalandira asanafike kuchipatala, koma maganizo anga akungobwerera kwathu ku Benga, pa msewu wa M5 wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota.

Chaka chatha ndili kumudziko, njinga yamoto inawombana ndi galimoto. Tonse tinathamangirako. Mnyamata wakabaza anali gone, mwendo utathyoka, magazi ali chuchuchu. Ena anamugwira mikono, ena miyendo, mutu ukulendewera, n'kumukweza kumbuyo kwa matola. Mayi wina anayesa kumumwetsa madzi pomwe iye anali atakomoka. Ine ndinangogwira pakamwa. Chifundo tinali nacho tonse, koma panalibe amene anaganiza zovula chitenje n'kupanikiza pabalapo. Mpaka lero zimandiwawa.

N'chifukwa chake zimene tawerenga za ku Ghana zandikhudza kwambiri. Kumeneko wofufuza Charles Mock ndi anzake ataona kuti ovulala ambiri amafika kuchipatala pa matakisi, mabasi ndi malole, anaphunzitsa madalaivala oposa 300 kwa maola ochepa chabe. Ku Kampala, ku Uganda, ofufuza ena anachitanso chimodzimodzi ndi apolisi ndi oyendetsa matakisi. Koma chimene ndawerenga kawiri ndi cha kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia, komwe anthu amavulala ndi mabomba okwiriridwa pansi, chipatala chili kutali. Hans Husum ndi anzake anaphunzitsa azachipatala akumudzi pamodzi ndi anthu wamba, ndipo imfa za ovulala zinatsika kuchoka pa 40 kufika pa 15 mwa anthu 100 alionse.

Zophunzitsidwazo si zapatali ayi: kupanikiza bala osaleka, kugoneka wokomoka chammbali kuti asatsamwe ndi magazi kapena masanzi, kugwira mutu ndi khosi kuti zisagwedezeke pomunyamula, kumangirira fupa lothyoka ku thabwa kapena nsungwi, kumufunditsa. Madzi akumwa osamupatsa.

Ambulansi timayifuna ndithu, ndipo wovulala kwambiri amayenera kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Koma ulendo wonsewo udzamupindulira ngati magazi sanathere panjira. Ndapempha aphunzitsi athu kuti pa tchuthi atiperekeze ku Benga, tikakhale pansi ndi anyamata a pa siteji ya kabaza. Zitenje ndi nsungwi ndikapeza ndine.