Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Tsiku la Monica Woyera

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa za gawo lotsatira. Ndachedwa chifukwa gawo ili ndi la Amayi, ndipo kawiri konse ndaliyamba n'kulisiya panjira.

Paja tinalekezera pamene ndinasiya kupita ku Misa. Zaka zinadutsa choncho: ntchito, banja, ana.

Amayi sankawerenga masiku ngati ife. Chaka chawo chinkayamba ndi Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi. Ukawafunsa kuti mwana wa achemwali anabadwa liti, ankati, "Pentekoste itangopita." Pa kalendala yawo ya Mpingo panali tsiku limodzi limene ankalizunguliza ndi cholembera chaka ndi chaka: 27 Ogasiti, tsiku la Monica Woyera. Foni inkalira m'mamawa. "Mwanangu, lero ndakulembetsera Misa." Ine ndinkangoti zikomo, n'kusintha nkhani. Mawa lake, pa 28, tsiku la Augustine Woyera, mwana wa Monica yemweyo, sankaimba. Achemwali anadzandiuza pambuyo pake kuti tsiku limenelo Amayi ankaswera pafupi ndi foni, kudikira kuti mwina ndiimba ndine.

Nkhani ya Monica ankaidziwa pamtima. Mayi amene analirira mwana wake zaka zambiri, n'kumutsatira mpaka ku Milan, mzinda wa ku Italy, kumene Ambrose Woyera, episkopi wa kumeneko, anabatiza mwanayo usiku wa Pasaka m'chaka cha 387. Chaka chomwecho Monica anamwalira ku Ostia, ku Italy komweko. Amayi akafika pamenepa ankamwetulira: "Anatsikira kulichete ataona ndi maso ake."

Iwo sanaone.

Anadwala m'nyengo ya Lenti. Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza, nsalu yofiirira ili m'khosi. Atamaliza anafunsa ngati pali wina wofuna kulapa iwo asanachoke. Amayi mawu anali atatha kale, koma anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ankangodikira. Kolona inali m'dzanja lawo, chala chitaima pa mkanda umodzi. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinamva Bambo Mfumu akutseka chikwama, ndinamva chitseko, ndili chiweramire. Pamene ndinkadzutsa mutu, Amayi anali atatsinzina. Sanafike pa Lamulungu la Kanjedza.

Kwa inu amene munalemba pa gawo lapitalo kuti ndinabwerera ku Mpingo chifukwa cha chikumbumtima chabe, sindikukana. Chikumbumtima ndicho chinandinyamula. Koma amalume, mawu amene munanena pamaliro, pamaso pa ana anga, akuti ndinawafupikitsira moyo Amayi, sanandibweze ndi amenewo ayi. Anandichedwetsa. Ndakukhululukirani, koma ndafuna kuti mudziwe.

Ndinalowanso m'tchalitchi pa 2 Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya okhulupirira amene anamwalira. Chikondwerero cha Oyera Onse cha pa 1 Novembala ndinachilumpha dala, ndinkadziona wosayenera nyimbo zachisangalalo. Koma Misa yopempherera akufa ndinati imeneyo ndingaikwanitse. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo dzina la Amayi litatchulidwa pakati pa mayina ena, ndinagwada osadziwa kuti ndagwada liti.

Madzulo ake achemwali anandipatsa kalendala yomaliza ya Amayi. Inali idakali pa mwezi umene anamwalira. Ndinatsegula masamba mpaka Ogasiti, ndipo ndinapeza 27 atamuzunguliza kale.