Timagulitsa nkhani za fodya ku Ybor City

Ine ndi mayi a kunyumba timayendetsa alendo wapansi ku Ybor City, dera lakale la mzinda wa Tampa ku Florida. Mpamba wathu ndi pakamwa ndi miyendo basi. Loweruka loyamba kunabwera anthu awiri, wina n'kutithawa ulendo uli mkati chifukwa cha dzuwa. Pano timalawirira m'mawa, kusanatenthe, mabingu a masana asanayambe.

Ndinakulira ku Kasungu, m'chigafa, kusankha fodya ndi bambo mpaka zala kuda bii. Ndiye tsiku lina nditalowa m'fakitale ya J.C. Newman, imene amaitcha El Reloj chifukwa cha wotchi ya pansanja yake, fungo linandibwezera kumudzi. Nyumbayo inamangidwa mu 1910, ndipo mwa mafakitale akale a ndudu zikuluzikulu zija amati cigar, ndi yokhayo imene ikugwirabe ntchito mu Tampa. Maganizo a bizinesi anabwera tsiku lomwelo.

Timayambira pa chinyumba cha njerwa zofiira chimene Vicente Martinez Ybor, mwini dzina la derali, anamanga mu 1886, atasamutsa ntchito yake yopanga cigar kuchoka ku Key West, chilumba cha kum'mwera kwa Florida. Opichira fodya anachokera ku Cuba ndi ku Spain, kenako kunabwera a ku Sicily. Pamasitepe a nyumbayi ndi pamene José Martí, womenyera ufulu wa dziko la Cuba, anaima ndi antchito mu 1893, akumema anthu kuti Cuba imasuke m'manja mwa Spain, iwo n'kumasonkha pa malipiro awo.

Koma nkhani imene imatidyetsa ndi ya lector. Ameneyu ankakhala pakansanja mkati mwa fakitale n'kumawerenga mokweza, m'mawa nyuzipepala, masana mabuku a nthano, anzake manja ali pa fodya ndi kampeni kawo kopindika kotchedwa chaveta. Sankalipidwa ndi bwana ayi. Antchito ankasonkherana okha, ndiye zowerenga ankasankhanso okha. Mabwana anaona kuti anthu akuchenjera, ndipo mu 1931 anachotsa owerenga onsewo, ngakhale antchito ananyanyala ntchito. Ndikafika apa ndimachedwa dala, mpaka mayi aja kunditsina. Ndimakumbukira kawailesi ka bambo kopachikidwa pa mtanda wa chigafa, mabatire ake oyanika padzuwa.

Zotsalazo ndimadutsa mwachangu. Mu 1929 Tampa inapanga ndudu pafupifupi 500 miliyoni, kenako kunabwera mavuto a zachuma ndi makina, ndipo mu 1962 America inaletsa fodya wa ku Cuba.

M'chikwama timayenda ndi tsamba limodzi louma loti alendo agwire ndi kununkhiza. Sipalephera wofunsa ngati fodya wa ku Malawi amalowa mu cigar. Ndimawayankha kuti wathu wambiri ndi bale, wa ndudu wamba. Nthawi zambiri ndisanamalize kuyankha, tambala amakhala watulukira pa 7th Avenue (nkhuku za kuno zimangodziyendera, ndipo lamulo limaziteteza), alendo onse mafoni m'mwamba, ine n'kutsala ndi tsamba m'manja.