Kope la msungichuma wa chilimba cha azakhali ndi lomwe linandipangira portfolio

Portfolio yanga yoyamba, zitsanzo za ntchito zanga zoonetsa pofunsira ntchito, inali zithunzi za app zomwe ndinajambula pa Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a app, ndili ndekha m'chipinda ku Kalingalinga. Ndinaitumiza ku kampani ina muno mu Lusaka yomwe inkafuna munthu wa UX research, ntchito yofufuza momwe anthu amagwiritsira ntchito zinthu za pafoni ndi pa kompyuta komanso pomwe zimawavuta. Amayi amene ankandifunsa mafunso anaziyang'ana zithunzizo mwachangu n'kuti: "Zokongola. Nanga munalankhula ndi ndani musanazijambule?" Ndinalibe munthu woti ndimutchule, ndipo ntchitoyo sindinaipeze.

Ndinayambiranso, ulendo uno ndi funso. Azakhali anga amagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market, ndipo ali m'chilimba ndi amayi anzawo, gulu losonkherana ndalama mosinthana. Masiku ano ambiri amasonkha pa mobile money, komabe mwezi ukatha pamabuka mkangano wakuti uje wasonkha kapena ayi. Ndinalemba funso langa pamwamba pa tsamba loyamba la kope langa: kodi msungichuma wa chilimba amadziwa bwanji amene walipira? Mwakonza funso lotere ndiye kuti theka la ntchito mwaligwira, chifukwa limakuuzani oti mukacheze nawo.

Ndisanafunse aliyense ndinkapempha chilolezo. Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, munthu amene akukuonetsani kope la ndalama zake ayenera kudziwa komwe nkhaniyo ikupita. Ndinkafotokoza m'Chinyanja kuti ndikuphunzira ntchito, kuti sindilemba dzina lawo, ndiponso kuti akatopa angonena tisiye. Amayi awiri anakana kuti ndijambule mawu awo pafoni, choncho ndinalemba pamanja.

M'mawa musayerekeze kupita. Nthawi imeneyo katundu akutsitsidwa ndipo makasitomala ali mbwee. Ndinkafika cha m'ma 14 koloko, n'kukhala pa kreti pambali pa benchi, kasitomala akabwera ine chete. Ndinacheza ndi amayi 8 m'milungu itatu. Poyamba ndinkafunsa molakwika, kuti "Kodi mungakonde app yosungira ndalama za chilimba?" Aliyense ankati inde, mwa ulemu chabe. Azakhali ndi amene anandikonza: "Mwanawe, usawafunse zimene angakonde. Afunse zimene zinachitika mwezi watha." Kuyambira pamenepo ndinkangoti, "Amayi, ndionetseni momwe munatumizira ndalama ulendo womaliza."

Apa ndi pomwe nkhani inatseguka. Ambiri ali ndi foni zamabatani, ndipo mauthenga akadzaza amangofufuta onse, kuphatikizapo wotsimikizira kuti ndalama zalowa. Chachikulu kwambiri chinali ichi: ena sagwiritsa ntchito foni yawo potumiza, amapereka ndalama pa booth ya ejenti kapena kwa mwana wawo kuti awatumizire. Uthenga ukafika kwa msungichuma, dzina lomwe lili pamenepo si la membala wa chilimba ayi. Ndiye iye amakhala ndi kope lake momwe amalemba tsiku, ndalama, ndi dzina lenileni atachita kuimbira foni kufunsa. Kopelo ndi limene gulu limakhulupirira, foni imangonyamula ndalama. Ine ndinabwera ndikuganiza kuti vuto n'kusowa kwa app, pomwe vuto linali dzina lolakwika pa uthenga.

Kunyumba ndinalemba mawu a munthu aliyense pa timapepala, kapepala kamodzi mfundo imodzi, n'kumata pakhoma zofanana pamodzi. Khomalo ndinalijambula, ndipo chithunzi chake chili mu portfolio.

Kenako ndinayesa ganizo laling'ono, loti potumiza pakhale malo olembapo dzina la amene ndalamazo zikumulipirira. Ndinajambula masitepe ake papepala monga momwe amaonekera pa foni yamabatani, n'kuwayesa ndi amayi 5. Jakob Nielsen, katswiri wa kafukufuku wotereyu, analemba mu 2000 kuti anthu 5 amakwanira kuonetsa mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito pa ulendo umodzi woyesa, ndipo kwa ine zinaonekadi, chifukwa pofika wachinayi ndinkamva zomwe ndinamva kale. Ndinalemba kuti "tsimikizani" pa sitepe yomaliza, koma awiri anaima osadziwa chochita mpaka mmodzi anati, "Oo, mukunena confirm?" Chinyanja cha mu Lusaka chimayenda ndi mawu ake, ndipo ine ndinalemba cha m'buku. Cholakwa chimenechi ndinachiika mu portfolio momwe chinachitikira, pamodzi ndi momwe ndinachikonzera.

Kulemba kwake kunatenga nthawi kuposa kufufuza. Ndinasankha kuika ntchito imodzi yokhayi, yofotokozedwa bwino: funso, anthu amene ndinacheza nawo ndi chifukwa chomwe ndinawasankhira, zomwe ndinkaganiza poyamba, zomwe ndinamva, ndi zomwe zinasintha maganizo anga. Mawu a amayiwo ndinawasiya m'Chinyanja, Chingerezi chake pansi, chifukwa owerenga ena sadziwa chilankhulochi koma ndinkafuna aone kuti kuchezako kunachitika m'chilankhulo cha anthuwo. Pa chithunzi cha kope la msungichuma ndinaphimba mayina ndi manambala onse. Ndinanenanso poyera kuti amayi 8 a msika umodzi sangaimire Zambia yense. Zonse ndinazisunga ngati PDF yopepuka yoti itseguke pafoni ngakhale bundle ili pafupi kutha.

Ndisanatumize kulikonse, ndinaionetsa anthu awiri amene ndinadziwana nawo pa msonkhano wina ku BongoHive, malo a zaukadaulo omwe anayamba mu 2011. Mmodzi anandiuza kuti zomwe ndinapeza zabisala pa tsamba 6, ndizibweretse kutsogolo. Ndinatero usiku womwewo.

Pa intavyu yotsatira, ku kampani ina, palibe anafunsa za Figma. Bambo amene ankatsogolera anatsegula tsamba la kope la msungichuma n'kufunsa chifukwa chake mayina ena analembedwa ndi bolopeni yofiira. Ndinawauza kuti amenewo ndi omwe ndalama zawo zinabwera pa dzina la munthu wina, ndipo tinakambirana za tsamba limenelo mpaka nthawi ya intavyu inatha.